Namwino wa M'sewero

Lolemba, 4 Malichi

Mvula yosalekeza. Ngalande ya kuseri yasefukiranso, za m'zimbudzi za anzathu akumtunda zatipeza pakhomo. Moni wa m'mawa ameneyo.

Masana kuyeserera sewero pabwalo la chipatala. Ine namwino, monga mwa nthawi zonse. Zaka zonsezi ndikuchiritsa anthu osadwala. Yunifolomu yoyera, kachipewa ka katoni, chomvera mtima cha kapaipi ndi chivindikiro cha botolo. Timapaketi ta mchere ndi shuga tija amasungunula m'madzi munthu akamatsekula m'mimba, tathu tam'sewero m'kati muli mchenga.

A Bwerezani, mkulu wa gulu lathu, lero anali moto. Akuti Lachiwiri sabata ya mawa kukubwera alendo a bungwe lomwe limatipatsa kangachepe. "Uzimwetulira iwe, namwino weniweni sakwinya nkhope. Bwerezani!" Ndikanawafunsa kuti weniweniyo anamuona liti. A Sisitere athu, namwino weniweni wa pachipatalachi, ali kumsonkhano m'tauni. Akachoka kumsonkhano, kumaphunziro. Si oipa ayi, dzanja lawo ndi lofewa pobaya. Koma munthu mmodzi, oitana chigulu.

Mwayi chaka chino sewero lagwirizana ndi nyengo. Chaka chatha anthu akutsekula m'mimba khomo ndi khomo, ife tinali kalikiliki kusewera za kuipa kwa fodya. Kutazizira, ana akutsokomola, ife za udzudzu. Matenda amatsata mvula, ife timatsata zofuna za bungwe.

Sopo watha. Yunifolomu ndachapa ndi madzi okha.

Lachitatu, 6 Malichi

Kumsika mayi wina wandikoka nsalu, nkundionetsa zidzolo za pamsana pa mwana wake, pakati pa anthu pomwepo. Ndati mayi, ine ndine wa sewero chabe. "Ngakhale wa sewero, inu nde mumapezeka." Ndangomuuza kuti azimusambitsa.

Kuchipatala kwafika katundu. Makatoni a mankhwala, madiripi, timapaketi tenitenito. Zonse alowetsa m'chipinda chosungira, loko khwa. Mlonda akuti sichitsekulidwa mpaka alendo adzadule riboni, ndipo kiyi yapita ndi bwana wa kuofesi ya zaumoyo. Pakhomo aika chidebe chatsopano chosambira m'manja, chofiira psuu, chokhala ndi kampopi. Madzi mulibe. Mpope wa chipatala unauma kalekale, koma aupenta bwino, umachita kuwala.

Pobwerera ndadzera kwa mlamu. Achimwene adakali ku ulendo ndi lole, foni yawo siikupezeka. Kamano, kamtsikana kawo, sikanakwanitse chaka koma ukali wake! Mano awiri okha, kaluma kale aliyense pamzere wa nyumba zathu. Lero kandiluma pachala, kenako nkuseka ngati kandichitira zabwino. Ndimakakonda kwabasi kanthu kameneka.

Lachisanu, 8 Malichi

Mlamu wagogoda ndisanasese. Kamano watsekula m'mimba, madzi okhaokha.

Ndawiritsa madzi, kamchere, kashuga, monga ndimanenera m'sewero. Mawu onse ndimawadziwa pamtima, abale. Kungoti m'sewero mwana wake ndi chidole, ndipo chidole sichilavula.

Tapita kuchipatala. Chitseko chotseka, mabenchi aunjika panja, akupenta. Wopenta wati tisakhudze khoma.

Masana kuyesereranso. Ndafika pa mawu anga aja: thamangirani kuchipatala msanga, musachedwe! Ndawanena nditafulatira chitseko chotsekacho. A Bwerezani akuti sindikuika mtima.

Lamlungu, 10 Malichi

Kamano akusanza tsopano. Chilichonse chikalowa chikubwerera. Maso alowa m'kati, liwombo lalowa. Ndamuika chala pakamwa kuti andilume. Sanandilume.

Ndikuopa.

Kuchipatala chachikulu m'tauni nkosafikika, madzi adya msewu pamlatho, maminibasi akubwerera kutsidya. Zikudutsa ndi galimoto zazitali za bungwe zokha. Ndathamangira kwa a Bwerezani kuti atipemphereko. Ndawapeza akusita jekete. "Galimoto ya bungwe sinyamula odwala, ndi lamulo. Akakufera m'njira ayankha ndani?" Ndiye imanyamula chiyani? Akuti ogwira ntchito za umoyo ndi zikwangwani.

Zikwangwani, Mulungu wanga. Chimodzi ndachiona kale, chachikulu ngati chitseko cha tchalitchi, chojambulidwa mwana wonenepa akumwetulira. Ameneyo wakwera galimoto, wakhala kutsogolo.

Abambo akunyumba akuti ndisiye kulira pamaso pa mlamu, ndikumuonjezera mantha. Akunena zoona. Ndakalirira kubafa.

Lolemba, 11 Malichi

A Sisitere abwera pa galimoto ya bungwe, chikwama cha msonkhano chili paphewa. Ndawagwira pageti asanalowe. Sanakane, abwera kunyumba kwa mlamu ndi nsapato zawo zoyera m'matope. Atsina khungu la pamimba pa Kamano, khungu nkungoima osabwerera. Akuti apa pakufunika diripi, lero lomwe. Aimbira bwana wa kuofesi, ine ndikumva. Bwana akuti katunduyo sanaperekedwe mwalamulo, kiyi abwera nayo mawa pamodzi ndi alendo. A Sisitere anena mawu ena oti sindingalembe. Ndayamba kuwakonda.

Atiuza kuti tizimudonthezera pakamwa ndi supuni, pang'onopang'ono, osatopa. Mlamu ndi ine tikusinthana. Dzanja lachita dzanzi.

Pageti amata chidziwitso: mawa kulibe chipatala chifukwa cha mwambo wa zaumoyo, odwala abwere Lachitatu. Mlonda wauzidwa kuti aliyense wooneka wofooka asalowe, angaononge zithunzi.

Kuyeserera komaliza. Mnzanga wosewera ngati mayi amalowa ndi chidole kudzera kuseri kwa tenti ya mwambo, pafupi ndi pomwe mpanda wa chipatala unagwa. Ndakhala ndikuyang'ana mpanda umenewo nthawi yaitali. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ndamuuza mlamu zoti achite mawa. Wandiyang'ana ngati mutu wanga wazungulira. Kenako wavomera.

Lachiwiri, 12 Malichi



Alendo afika dzuwa litakwera. Zolankhula, zolankhula. Uyu athokoza uyo, uyo athokoza uyu. Bwana wa kuofesi wanena kuti dera lathu ndi chitsanzo, matenda otsekula m'mimba atsala pang'ono kutheratu. M'manja phwaphwaphwa. Mlendo wamkulu wasamba m'manja pachidebe chofiira, madzi ake a m'mabotolo ogula, anathiramo m'mawa. Riboni adula, loko atsekula, makatoni poyera. Ine maso kumpanda. Ndimangoti mwana uja apirira zolankhula zonsezi?

Sewero layamba. Pofika poti mayi alowe, mnzanga wa chidole ndinali nditamuuza kale kuti akhale pansi. Walowa ndi mlamu. Wopanda nsapato, tsitsi nyankhalala, Kamano ali lende m'manja. Kulira kwake sikunali koyeserera.

A Bwerezani kuseri akunong'ona mokalipa: "Izi sizili m'sewero, izi sizili m'sewero!" Ine ndaponya timapaketi ta mchenga pansi, ndafuula mawu onse omwe Mulungu anandipatsa, kuti a Sisitere, diripi, msanga, chipinda chija nchotsekula! Bwana wa kuofesi wadzuka theka. Wayang'ana alendo, alendo akujambula ndi mafoni. Wakhalanso pansi, akumwetulira ngati wameza fupa.

A Sisitere sanadikire kuitanidwa kawiri. Nsapato kuvula, liwiro. Mtsempha wa pamkono wakana, wa mkono winawo wakana, aupeza pamutu. Pa tebulo lathu lam'sewero lomwelo, ine nditanyamula botolo m'mwamba, kachipewa ka katoni katagwera m'matope. Madzi ayamba kudontha.

Ndiye m'manja! Anthu kuimirira. Mlendo wina wamayi akupukuta misozi, akuti wazungulira maiko ambiri koma sewero lotere sanalionepo, ngakhale mwanayo akuoneka ngati akudwaladi. Mlamu ali chigwadire, sakumva kanthu. A Bwerezani atulukira kutsogolo, jekete yosita ija, akuwerama kulandira ulemu.

Madzulo Kamano watsekula maso. Walira pang'ono, kamawu ngati kamphaka. Sindinamvepo nyimbo yokoma chonchi.

Lachitatu, 13 Malichi

Ndinasangalala msanga.

Alendo atangochoka dzulo, chipinda chija loko khwa. Akuti katundu ayambe wawerengedwa kaye, kiyi yabwerera kuofesi. A Sisitere anabisa botolo limodzi m'chikwama cha msonkhano, ndi limene likudontha panopa. Likatha, basi. Kamano wayambanso kusanza, thupi kutentha. A Sisitere akuti pano achita zomwe angathe, mwanayu afike kuchipatala chachikulu lero, mawa ayi.

Tili pomwepo, a Bwerezani awa, mano onse panja. Dzulo amati andichotsa m'gulu, lero ndine mlongo wawo wapamtima. Akuti alendo akondwa koopsa, akufuna sewero lomwelija Lachisanu, kuhotela m'tauni, pamsonkhano waukulu. Anthu omwewo, mwana yemweyo. "Koma asachire kwambiri pofika Lachisanu, mukudziwa, kuti zioneke bwino."

Ndinagwira mpini wa chokolopera. Zoona, ndikanawaswa mutu pamaso pa odwala. A Sisitere andiponda phazi.

Ndapuma. Ndawafunsa kuti tikayenda bwanji, poti msewu ndi woduka. Akuti galimoto ya bungwe, yaitali ija, koma ya osewera okhaokha. Ndati chabwino. Ndiye wosewera wathu wamng'onoyu malo achilendo amamusokoneza, ayenera kukazolowera bwalo msanga, ndipo amayenda ndi mayi ake ndi botolo lake, ndi zipangizo za sewero zimenezo. Galimoto ibwere lero dzuwa lisanapendeke. Apo ayi, Lachisanu akasewere okha ndi chidole, akawafotokozere alendo kuti mwana uja anapita kuti.

A Bwerezani thukuta kamukamu. Atuluka panja ndi foni. Ndimawamva akuti inde bwana, ndi wofunika kwambiri bwana, sewero lonse lagona pa iyeyu.

Abwerera akuti galimoto ikubwera. A Sisitere ayang'ana kukhoma, mapewa akugwedezeka, kaya kuseka kaya kulira. Ati hotelayo ndi chipatala chachikulu zili msewu umodzi, dalaivala akamuuza okha poti aime.

Mlamu wandifunsa motsitsa mawu, akumanga matewera m'kansalu: "Ndiye mwana wanga walembedwa ntchito, alamu?" Ndati eya. Ngati wodwala sakanakwera.

Botolo latsala pang'ono, zala ziwiri. Kamano akupuma mofulumira. Ndavala yunifolomu kuti dalaivala asafunse zambiri. Pirira mwana wa achimwene, pirira, ukandilume kutsogoloko.

Hutala ya galimoto pageti. Ndi iyo