Phiri Limene Tinakonza ndi Bambo

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kutaliko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikudzuka ndithu.

Chithunzi cha phiri la kuseri kwa nyumba yathu, chimene munapempha chija, ndinajambula Loweruka m'mawa nkhungu isanabalalike. Ku situdiyo ndinkangofuna kuchiwalitsa pang'ono ndi kuwongola pamene chinapendekeka. Koma bambo anabwera n'kukhala pambali panga pa kompyuta, ndodo ili pakati pa miyendo.

"Iwe, mawaya a magetsiwa ungawachotse?" anandifunsa. Ndinawachotsa.

"Nanga chidzenje cha ophwanya miyalachi?" Ndinachikwirira ndi udzu wobwereka kumbali ina ya phirilo.

Kenako anafuna mitengo ija inadulidwa, mtsinje wodzaza, ndiponso kadzuwa kofewa ka mvula itangokata. Pofika masana phiri linali litabwerera mmene linalili tili ana, moti ndinkachita ngati ndikumva fungo la dothi lonyowa.

Bambo anayang'anitsitsa nthawi yaitali, n'kuloza ndi chala. "Kanjira aka ndikukadziwa. Mayi ako atsikira pomwepa, tiwadikire."

Achemwali, bambo sankaseka ayi. Ine ndinalephera kuwakumbutsa kuti mayi tinawaika zaka zisanu zapitazo. Tinangokhala, kuwadikira limodzi.

Adokotala ananenapo zina zokhudza bambo, koma si za m'kalata. Tchuthi chikapezeka chaka chino, musadikire cha mawa. Dzina lanu bambo akadalitchula bwinobwino.

Moni kwa onse.

Ndine mng'ono wanu,
wojambula uja