Si Chotupa Chokha Chinayankhula

9 Ogasiti

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu. Chonde musaing'ambe musanafike kumapeto, ngakhale yachokera kwa munthu amene munalumbira kuti simudzamuyankhulanso.

Ndikulemba ndili kuchipatala cha odwala zotupa za mu ubongo. Musadzidzimuke, opaleshoni inachitika milungu isanu yapitayo ndipo ndikuyenda ndekha. Anandichotsa chotupa chachikulu ngati dzira, kutsogoloku, pamwamba pa diso lamanzere. Adokotala akuti chinakhalamo zaka chikukula mwakachetechete.

Utapita ukwati wa mwana wanu uja, zanga zinaipiraipira. Kushopu ya mipando anandichotsa ntchito, ati ndimabwera nditaledzera, poti ndinkadzandira n'kumatukwana makasitomala. Inetu mowa sindinaulawepo, inu ndinu mboni. Kunyumba ndinasanduka chilombo, mpaka mlamu wanu anatenga ana n'kupita kwa achimwene ake. Tsiku lina ndinagwa pamsewu, ndipo achifundo ananditola n'kundithamangitsira kuchipatala.

Kuno kuli mayi wina amene ntchito yake ndi kuyimira odwala. Si dokotala, si namwino. Ife timangoti a Loya, ngakhale kukhoti sanapondeko. Kaofesi kawo kali pafupi ndi chipinda chojambulira mutu, muli mipando itatu ya pulasitiki ndi ketulo yopanda chivindikiro. Tsiku limene madokotala anadzandiuza za opaleshoni ankangoponyerana mawu awo aataliatali, ine n'kumagwedeza mutu ngati gulo. Nditatenga cholembera kuti ndisaine, a Loya anaika dzanja papepalapo.

"Bambo, tandiuzani, mawa akakuchitani chiyani?"

Ndinangoloza mutu wanga ndi chala.

"Mwaona adokotala? Yambaninso, koma m'chiyankhulo cha anthu."

Dokotala wamkulu anaseka, nakhala pansi, n'kujambula mutu wanga papepala. Sanandibisire kuti mwina ndidzadzuka dzanja litafooka, mwinanso mawu atathawa. Ndinachita mantha, komabe ndinasaina ndikudziwa chimene ndikusainira.

Nditatsitsimuka, a Loya anandifunsa ngati ndingalole kuti aimbire foni mkazi wanga. Ndinati sangabwere. Anabwera, achemwali, nkhope ili gwa. A Loya anamuonetsa chithunzi cha mutu wanga, namufotokozera kuti chotupa chikapanikiza malo amenewo munthu amasintha khalidwe, saugwiranso mtima ngakhale pakamwa. Mkazi wanga anayang'anitsitsa kachinthu koyera ka pachithunzipo nthawi yaitali.

"Ndiye mkazi mnzanga uja ndi ameneyu?" anatero.

Kani masiku onsewa ankaganiza kuti ndapeza wina. Tinaseka, kenako tinalira tonse awiri. Kunyumba sanabwerere, akuti ana akundiopabe, ndipo sindikumukakamiza. Koma Lachinayi lililonse amabwera kugulu lathu, kumene odwala ndi owadwazika timakhala pamodzi n'kumakhuthulirana zakukhosi. Timadzitcha mpingo wa adazi.

Kuntchito nakonso a Loya anapitako okha ndi kalata ya dokotala. Abwana poyamba anakana kuwaona. Iwo anangokhala pabenchi panja, pakati pa utuchi, mpaka abwanawo anachita manyazi. Agwirizana kuti ndikachira ndikayambenso, kupala matabwa ndi kupaka vanishi basi. Macheka amagetsi andiletsa.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera. Paukwati paja ndinaimirira pamaso pa alendo n'kukuwa kuti munathawa amayi athu akudwala, munangobwera kudzalira atafa. Mwana wanu anatuluka akulira atavala velo. A Loya ndinawafotokozera zonsezi, ndipo anati ndikafuna akulemberani okha, kukuuzani za matendawa monga anachitira ndi abwana. Ndinasangalala, ndinati apa ndapulumukira. Koma ataika pepala patebulo anandifunsa kuti, "Ndilembe kuti mawu onsewo anali a chotupa?"

Achemwali, ndinalephera kunena kuti inde. Chotupa chinangotsegula chitseko, koma mawuwo ndinawasunga ndine kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinkakwiya kuti ine ndinkasambitsa amayi inu muli kutali. Sindinafunsepo kuti inuyo kumeneko munkagona bwanji, muli ndi khanda lodwaladwala ndi amuna anu ali pabedi atachita ngozi. Kugulu lathu ndamva mayi wina akulira kuti ali ndi odwala awiri, wina kuno wina kwawo, thupi lake ndi limodzi. Ndinaona inu. Ndinalakwa, ndipo sindikufuna kubisala kuseri kwa pepala la dokotala. Ndikhululukireni.

Pa 2 Seputembala adzandijambulanso kuti aone ngati chotupacho chinatsalako. Madokotala ali ndi chiyembekezo, inenso ndili nacho. Amalola abale awiri kulowa nane pokamva zotsatira. Mmodzi ndi mlamu wanu. Winayo ndawauza a Loya kuti asalembe dzina la munthu aliyense kufikira mutayankha.

Mundiperekere moni kwa alamu. Kwa mwana wanu ndi mwamuna wake sindikudziwa ngati moni wanga angaulandire, inu muone nthawi yabwino yowapatsira. Pepani zilembo zakhotakhota, dzanja lamanja silinabwerere bwinobwino. Kalatayi yanditengera masiku anayi, koma sindinalole munthu wina kundigwirira cholembera.

Ndine mlongo wanu,
wamakani uja.