Timapepala Titatu ta ku Jeremani

Rathmines, Lachiwiri

Mphwanga Yohane,

Ndikhulupirira nonse muli bwino kumudziko. Ine ndi alamu ako tilipo, koma mtima suli m'malo.

Timapepala titatu tazithunzi tija ndinatumizira ana ako ndi ndalama zakale za ku Jeremani. Sizigula kanthu, koma kuno amazisunga m'mabuku ngati chuma. Anandipatsa okha a Byrne, nkhalamba imene ndimaisamalira. Dzulo mwana wawo wamkazi anatsegula buku lawo la ndalamazo n'kupeza malo atatu opanda kanthu. Anawafunsa ine ndili pomwepo. Iwo, poti matenda awo ndi oiwala, anangoti, “Sindikukumbukira.” Mwana wawoyo wandipatsa mpaka Lolemba kuti ndibweze timapepalato, apo ayi ntchito yatha, ndipo ndidzatchedwa mbala.

Landa timapepalato lero. Ana akalira, alire. Usatipinde, usatisite. Utiike m'Baibulo, ukapatse wansembe wathu uja amene akukwera ndege yobwera kuno Loweruka.

Mulungu akusungeni.

Ndine mkulu wako,
Lameki