Chiuta Wakumutemwani

Lachiwiri, 3 Okutobala

Luwawa, kunkhalango ya ku Mzimba. Mphepo, fumbi, utuchi mpaka m'makutu. Ocheka amaliza lero. Mulu wa matabwa anga waima bwino kuseri kwa phiri, fungo la paini lokhalokha. Mpamba wanga wonse uli pamenepo. Ambuye, zikomo.

AnyaJere, eni nyumba imene ndikukhala, andisekanso m'mawa. Nkhani yake yomwe ija. Nditangofika kuchokera ku Dedza anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Chiuta wakumutemwani, mama." Ine mtima phaa! Ndinamva ngati akuti Mulungu anditema. Ndinati mayi awa ndawalakwira chiyani, kapena n'chifukwa chodula mitengo ya kwawo? Osadziwa kuti kutemwa m'Chitumbuka ndi kukonda. Mpaka lero akandiona amayerekeza nkhwangwa ndi dzanja.

Lamulungu, 8 Okutobala

Kutchalitchi sindinapitenso. Ndinali pamsewu kusaka lole. Malole amapezeka Lamulungu, nanga nditani? Chovala changa cha chigwirizano chili pansi pa chikwama chibwerereni, chayamba kununkha nkhungu.

AnyaJere sanandidzudzule. Anangoti, "Malo anu pa benchi tinakusungirani. Panakhala Baibulo langa." Bola akanandikalipira.

Mwawi, mwana wawo, watopa zedi. Mimba yoyamba, miyendo yatupa. Mwamuna wake ali ku Joni. Koma wandiphikira tiyi, kundikaniza kugwira poto.

Lachinayi, 12 Okutobala

Lole yapezeka! A Bestone, dalaivala wa ku Ntcheu, akuti abwera Lamulungu m'mawa. Lamulungu kachiwirinso. Ndapepesa kwa Mulungu ngati mmene munthu amapepesera kwa mlamu, mwachidule.

Utsi ukuoneka chakum'mawa. Akuti osaka mbewa, ena akuti ofula njuchi. Ndapalira mozungulira mulu mpaka matuza. Amuna anga a Lloyd pafoni kuchokera kunyumba: "Modester, matabwa amenewo achoke msanga, ana akudikira." Ngati sindikudziwa.

Lolemba, 16 Okutobala

Ndilembe ndithu.

Dzulo lole inafika. Tisanakhote kulowa m'nkhalango, anyaJere akuthamanga opanda mpango kumutu. Mwawi. Matenda anamuyamba, mwana wagona chopingasa, anamwino a pachipatala chaching'ono ati athamangire ku boma, ku Mzimba. Ambulansi inali kutali ndi wodwala wina. Galimoto pamalo ponse, lole yanga yokha.

A Bestone analoza kuphiri. "Mayi, utsiwo mukuuona? Tikapita ku Mzimba, pobwera mupeza makala. Lole mwaitana ndinu, nenani."

Ndisadzinamize m'buku langa lomwe: ndinaima. Ndinaganiza kuti tipakire kaye, mwina theka lokha, Mwawi ndi mtsikana wamphamvu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zimenezo. AnyaJere sanapemphe n'komwe. Anangogwada m'fumbi, osati kwa ine, akupemphera m'Chitumbuka chawo. Manyazi anandigwira, ine mayi wa chigwirizano. Ndinamva mawu anga akuti, "Tembenuzani lole."

Tinamugoneka pa matiresi kumbuyo, pamene pakanakhala matabwa. Msewu wa mabampu, Mwawi kulira, ine nditamugwira mutu. Ndinapemphera mmene sindinapempherere chaka chonse chino. Za matabwa sindinatchule. Sikuti ndinaiwala, ayi.

Amuchita opaleshoni. Mwana wamkazi. Onse ali moyo. Anamwino anati tikanachedwa pang'ono tikananena zina.

Lachitatu, 18 Okutobala

Ndapita kukaona. Phulusa. Zitsa zakuda, utsi ukutulukabe pansi. Pamene ndinapalira paja moto unangolumpha. Ndatola chidutswa chimodzi chosapsa bwino, chotalika ngati mkono. Ndakhala pa chitsa n'kulira mokweza, popeza panalibe wondimva.

Ndamuuza Mulungu zonse, mosabisa. Ndati mwanditema ndithu, Ambuye, mwanditema pakatikati.

Ndawauza a Lloyd zonse pafoni. Kenako: "Mwanayo ali bwino?" Ndinati ali bwino. "Basi bwerani, tidzalima." Bambo ameneyu nthawi zina ndimamuderera.

Lachisanu, 20 Okutobala

Ku boma ndi phala la Mwawi. Akuyenda pang'onopang'ono, atagwira khoma. Kamwanako tsitsi bii, kukamwa kosatseka, kulira ngati kalipira lole ndiko. Ndakanyamula. Kolemera bwino.

Chodabwitsa, ndikugona tulo. Chiyambire kucheka ndinkadzidzimuka ndi kamphepo kalikonse, kuopa moto, kuopa akuba. Tsopano woti andibere palibe. Njala ndikuiopa, sindikana. Koma mtima wapepuka, ndipo sindikudziwa kuti ndimufotokozera bwanji munthu.

Ocheka aja abwera kudzandipepesa, atanyamula mbatata. Anthu osauka kuposa ine. Ndangowathokoza kuti yewo, yewo chomene. Chitumbuka changa chimathera pomwepo.

Lamulungu, 22 Okutobala

Ndachapa chovala cha chigwirizano dzulo, nkhungu yachoka koma osati yonse. Ndakhala pa malo anga. AnyaJere anangochotsa Baibulo lawo. Ulaliki m'Chitumbuka, ndatolamo mawu ochepa. Nyimbo ndiye ndaimba, molakwitsa, mokweza.

Lachinayi, 26 Okutobala

Mwawi ali kunyumba. Mchombo wa mwana wagwa. Ine ndamanga katundu, mawa ulendo wa ku Dedza. Chikwama chimodzi ndi chidutswa cha thabwa chija.

Masana azimayi anadzaza pakhonde. Ndimati abwera kudzatsanzikana nane. AnyaJere anandiika mwana m'manja. Akuti agogo a kuchimuna avomera, bambo wake ku Joni wavomera, dzina ndipereke ine. Ine mlendo, wodula mitengo ya eni!

Ndinakana, anakana kukana kwanga. Ndinamuyang'ana mwanayo. Dzina linabwera lokha.

Temwa.

Nthungululu pakhonde ponse. Iwo amva chikondi chokhachokha. AnyaJere okha anandiyang'ana, maso onyowa, n'kukweza dzanja pang'ono ngati nkhwangwa. Tinaseka mpaka mwana anadzuka.

Ambuye, tsopano ndamva. M'zinenero zonse ziwiri.