Mayi Ozella Mabry Atisiya Mtanda wa Chitsulo Usanazikidwe

Kwa Bambo Cleophus Tarver, kwa ana ndi adzukulu a banja la a Mabry ndi la a Tarver, kwa mpingo wa Baptist wa ku Tallow Creek, ndi kwa onse a m'dera lathu lino la Georgia:

Ife a Bungwe Losunga Mbiri ya ku Tallow Creek talandira modzidzimuka ndi mwachisoni chachikulu uthenga wa imfa ya Mayi Ozella Tarver Mabry, mmodzi mwa amene anayambitsa bungwe lino, amene anagwa pakhonde pawo Lolemba m'mawa akuthirira maluwa, osadzukanso. Mwambo ukufuna kuti ndilembe modekha, koma ndinene poyera kuti mtima wanga sunakhale pansi, pakuti mayiwa atichokera nkhani yawo yaikulu ili m'kamwa.

Mayi Mabry anaphunzitsa mbiri pa sekondale ya kuno mpaka tsitsi linayera, ndipo ambiri a ife amene lero tikutchedwa akuluakulu tinadutsa m'manja mwawo. Ndi iwo anayambitsa tsiku losesa kumanda a akapolo kuseri kwa tchalitchi, kumene kale kunali thengo loti munthu sankalowako opanda nsapato zazitali, ndipo ndi iwonso anayenda khomo ndi khomo kujambula mawu a okalamba athu asanapite nazo zimene ankadziwa. Anali munthu wovuta, ndipo tinkawakondera zomwezo. Pamsonkhano sankadikira kuti wapampando awapatse mpata. Ine wapampandoyo ndiye mboni.

Koma nkhani imene inawadya mtima ndi ya agogo a bambo awo, Bambo Isom Tarver. Pamene zigawo za Kummwera kwa dziko lino la Amereka zinadzipatula ndi kuyamba nkhondo pofuna kusunga ukapolo, a Isom anali kapolo, ndipo mwana wa mbuye wawo anawatenga kupita nawo kunkhondoko kuti azikamuphikira, kumuchapira ndi kumusenzera katundu. Chaka chatha kunabwera amuna aja amene amavala yunifomu zotuwa za asilikali a Kummwera pa zikumbutso zawo, napempha kuti adzazike mtanda wawo wa chitsulo pa manda a Bambo Isom, adzaombe mfuti m'mwamba, ndi kulengeza kuti mkuluyo anali msilikali amene anamenya nkhondo ija mwa kufuna kwake. Bambo Cleophus, amene ndi mkulu wa banja, anavomera. Mlongo wawo, Mayi Mabry, anakana kwamtuwagalu.

Ambiri mukukumbukira mmene awiriwa anakanganirana pa tsiku losesa kumanda, titakhala pansi pa mitengo tikudya nsomba yokazinga.

"Iwe Ozella," anatero a Cleophus, "chithunzi chija sunachione? Agogo avala jekete la usilikali, mabatani ali waliwali!"

"Jekete lake la ndani, achimwene? Ngakhale bulu wokoka ngolo ankamufunditsa bulangete la asilikali. Nayenso mumuzikira mtanda?"

"Pakamwa pakopo! Munthu anafa popanda mzungu ndi mmodzi yemwe womuvulira chipewa. Lero akufuna kuwachitira sawasha, iwe ukuti ayi?"

"Sawashayo si ya agogo, achimwene. Akufuna nkhope yakuda yoti abisaleko, azinena kuti nkhondo ija sinali ya ukapolo. Anawasenzetsa katundu ali moyo, pano akufuna awasenzetsenso ali m'manda."

A Cleophus anangotola chipewa chawo n'kumapita, nsomba osaimaliza.

Sindikulemba izi pofuna kuchititsa manyazi munthu amene ali pa maliro a mlongo wake. Njala imene Bambo Cleophus ali nayo, yofuna kuona kholo lawo likulemekezedwa pamaso pa anthu, ndi njala yeniyeni, ndipo ngakhale m'bungwe mwathu muno alipo amene ali kumbali yawo. Ine ndili kumbali ya malemu, ndipo sindibisa: munthu amene sanafunsidwe ngati akufuna kupita, amenenso akanakwapulidwa akanakana, sitingamutche wodzipereka. Tinakonza zoti awiriwa adzakhale pansi pamaso pa bungwe mwezi uno, aliyense anene zake, mwina amvane. Msonkhano umenewo sudzachitikanso, ndipo zimenezi zikundipweteka kuposa mmene kalata ya bungwe ingathe kunenera.

Mwambo woika m'manda Mayi Mabry udzachitika Loweruka lino ku tchalitchi cha Baptist, ndipo monga anapempha mpingo kalekale, adzagona pafupi ndi Bambo Isom, phewa ndi phewa. Mwambo wa mtanda wa chitsulo uja unaikidwa Loweruka lotsatiralo.

Bambo Cleophus, pepani, pepani ndithu. Tsopano palibenso wokudulani mawu kapena kukusekani pagulu, ndipo chigamulo chatsala m'manja mwanu nokha. Bungwe silingakulamuleni, ndipo silidzayesa kutero. Tikungokukumbutsani, mwaulemu wonse, kuti malo aja ndi opanikizana, ndipo amuna ovala zotuwa aja akadzafola ndi mfuti zawo pa manda a agogo anu, nsapato zawo zidzaponda dothi la mlongo wanu lisanaume.

M'malo mwa mamembala onse a bungwe lino, amene akugwirizana ndi malemu ndi amene ankatsutsana nawo omwe, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu nonse a banja loferedwa. Mulungu akupatseni mphamvu za Loweruka lino. Ndipo inu Bambo Cleophus, akupatseninso za Loweruka linalo.

Ine wanu pa chisoni chimenechi,

Verlene Askew
Wapampando, Bungwe Losunga Mbiri ya ku Tallow Creek