Dokotala Wamwano Wagona M'nyumba Mwanga

Lachiwiri, 4 Malichi

Gawo latsopano la sewero lija pa TV. Dokotala Wamwano walowa m'wodi, wangoyang'ana zikhadabo za wodwala, basi matenda wawadziwa. Madokotala anzake wawatcha mbuzi zovala makoti. Ine thupi lonse tsembwe. Kucheuka, mwini nkhopeyo ali pambali panga, akusokerera batani la malaya, akupepesa mphaka pomuponda mchira. Amuna anga amenewa, oti ndikamapha nkhuku amayang'ana kumbali. Mawu aukali aja amawasunga pati? Zaka zonsezi ndili nawo, sindinapezebe.

Lachisanu, 7 Malichi

Kumsika sitiyendanso mwaufulu. Bambo wina wawavulira nsapato kuti amuone chala chotupa. Iwo pepani pepani, ndine wa zisudzo chabe, pitani kuchipatala. Munthuyo wachoka akung'ung'udza kuti dokotala wanji wofatsa ngati mkamwini watsopano. Ndaseka mpaka misozi. Magetsi atsala pang'ono kutha, a ku TV sanalipirebe.

Lamlungu, 9 Malichi

Mayi wina telala, wa nyumba yoyang'anizana nafe, wabwera ndi mwana wake wamkazi kumsana. Msinkhu wa sitandade 2. Mimba kupweteka, kusanza, thupi moto. Kuchipatala akuti sapondako, mwana wake woyamba anamwalirira pabenchi ya kumeneko akudikira pamzere. Akufuna Dokotala yekha, amene salakwitsa.

Amuna anga amupatsa mpando, amufotokozera mofatsa kuti mawu onse aja amachita kuloweza. Amupempha, amuchonderera. Iye wangoti waona kuti atopa lero, abweranso. Wapita kukagula panado.

Tonse chakudya sichinalowe.

Lolemba, 10 Malichi



M'mawa ndinakamuona mwana uja. Miyendo wapinda, milomo gwa, ukamukhudza pamimba akukuwa. Mayi wake akanali pomwepo, kuchipatala ayi. Ndinabwera kudzawauza amuna anga. Anatenga koti loyera la kuntchito limene ndinachapa Loweruka. Kuvala kokhako, mapewa anakwera, kayendedwe kanasintha. Ndinawatsatira pambuyo ngati mlendo.

Chitseko sanagogode. Mwanayo anangomuyang'ana kamodzi. "Mayi, mukudikira chiyani, bokosi? Mwanayu akhale ali pa tebulo la opaleshoni dzuwa lisanafike pamutu. Nyamulani!" Mpaka makapu pashelefu ndinawamva kulira. Mayi uja anatuluka ndi mwana atavala nsapato zosiyana. Iwo anaimitsa galimoto ya munthu wosamudziwa ndi chala chimodzi, n'kukwera nawo.

Abwerako masana. Koti pampando, iwo kuseri kwa nyumba, kukasanza. Ndawafunsa kuti matendawo anawadziwa bwanji. Akuti sanadziwe kanthu, anangochita mantha.

Ndawawiritsira tiyi. Ndawapatsa ndi manja awiri, sindikudziwa chifukwa chake.

Lachitatu, 12 Malichi

Dzulo lonse zii. Nyumba ya telala yotseka, makina osalira. Bambo sanapite kukajambula, amangozungulira pabwalo. Akuti mwanayo akamwalira, ndiye kuti amutumiza okha kubenchi ija.

Lero foni yalira ndikutsuka mbale. Mayi uja. Kanthu kena m'matumbo kanali kataphulika kale, madokotala akuti akanachedwa pang'ono, mwanayo akanamwalira. Mwana wadzuka, wapempha madzi. Mayiyo akufuna athokoze Dokotala.

Ndawapatsira foni, ndimati amuuza zoona tsopano. Ayi ndithu. Aimirira, atsokomola. "Lekani kulira, mukundisokosa. Zimene akuuzeni manesi kumeneko muchite zonse. Ndikamva kuti mwamutulutsa asanakuuzeni, mundiona."

Mawu ngati chitsulo. Koma nkhope ndimaiona ine ndekha, misozi mpaka pachibwano, dzanja linalo litagwira chitenje changa kuti asagwe.