Yoyera Kapena Yobiriwira? Kalavani ya Malemu Merv Ikusowa Woikoka

Aphungu,

Lero ndi Lachiwiri, 9 koloko m'mawa yangokwana kumene. Mbale ndatsuka, galu wadya, ndiye ndakhala pansi kuti ndikulembereni. Sukulu ndinalekeza ndili ndi zaka 13, choncho mukaona chilembo chopendama musavutike n'kundiuza, ndikudziwa.

Ndili ndi zaka 71 ndi zidzukulu zisanu, zonse zokonda kudya. Amuna anga a Merv anatisiya mu Seputembala. Kwa zaka 22, Meyi akangofika, kuzizira kukayamba kuluma kuno, tinkakoleka kalavani yathu, kanyumba kokoka ndi galimoto, n'kulowera kumpoto ku Karumba, masiku khumi panjira, kukakhala miyezi itatu. Papaki ya makalavani kumeneko tili ndi malo athu, nambala 14, pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi zimbudzi koma osati kutali kwambiri. Lamulo la pamenepo n'lakuti ukaphonya chaka chimodzi, malo apita. Mwini paki anandiimbira. Anati, "Pepani za a Merv, anali munthu wabwino. Pa 1 Juni mukhala mutafika?" Pali banja lina la ku Adelaide lomwe lakhala likuuyang'ana mtengowo zaka zisanu ndi chimodzi, ngati galu pakhomo la butchala.

Vuto ndi galimoto. A Merv ankakoka ndi chigalimoto cha magiya apamanja, kilatchi yake ngati ukuponda mwala. Bondo langa lakumanzere linakana. Chigalimotocho ndinampatsa mwana wanga Glenn, pano akunyamulira nkhosa. Ine ndikufuna kagalimoto kakang'ono, kogwirapo kale ntchito, kokoka ndi matayala onse anayi, kosintha kokha magiya, koti pokwera ndisamachite kubwereka makwerero.

Glenn sakufuna. Anati, "Amayi, tingogulitsa kalavaniyo. Kuseri kwathu kuli kanyumba kabwinobwino, muzikhala pafupi ndi ana." Ndinati, "Iwe, kanyumba kako ndinakaona. Zenera lake layang'anizana ndi thanki ya dizilo." Anati, "Koma simunakokepo ngakhale wilibala." Ndinati, "Ndinakoka iwe zaka 19, ndipo unalibe mabuleki." Tinapangana chonchi: ndikapeza galimoto yoti makaniko wake aivomereze Epulo asanathe, ndipita. Ndikalephera, kalavani igulitsidwa.

Ndapeza ziwiri. Yoyera ili kwa bambo wina ku Swan Hill. Yayenda kwambiri. Chitsulo chokolekera ili nacho kale, kampira kake kosalala ngati dazi la a Merv. Bamboyo akuti ankangokokera kangolo kotayira zinyalala. Ayenera kuti panyumba pawo pamatuluka zinyalala zambiri. Yobiriwira ili kwa ogulitsa magalimoto, yayenda pang'ono, sinakokepo kanthu, inachokera kunyanja. Nditatsegula chitseko chakumbuyo munatayika mchenga wodzaza kapu. Wogulitsayo, tsitsi lili noninoni ndi mafuta, anati, "Agogo, iyi ikoka makilo 1,500 kwinaku ikuimba nyimbo." Ndinati, "Agogo ako ali kwanu. Nyimbo ndimamvera pawailesi."

Mabuku a zonse ziwiri akuti 1,500. Kachitsulo komata pakalavani kakuti 1,180. Masamu amenewo ngakhale ine ndikuwatha: malo atsala.

Za kalavaniyo musade nkhawa. A Merv ankaisamala kuposa mano awo. Anaikamo thanki yachiwiri ya madzi, mabatire awiri, jenereta, bokosi lachitsulo la zipangizo kutsogolo, injini ya boti kumbuyo, ndi vayisi yopanira zitsulo yomwe anaiwotcherera pachitsulo chokokera, poti papaki paja aliyense chikamuthyokera ankathamangira kwa iwo. Pansi pa bedi pali zitini za mabawuti. Sindinakhudze kalikonse. Chipewa chawo chikadali pamsomali, ndipo zonse zipita mmene zinkapitira.

Ndiye ndiuzeni, yoyera kapena yobiriwira? Za kanyumba ka Glenn musandiuze.

B.J.H., Kerang

Amayi B.,

Za kanyumba sindinena. Koma sabata ino musagule iliyonse. Masamu anu ali bwino, kungoti mwawerengera kalavani ina.

1,180 ija ndi mmene inkalemerera tsiku lomwe inatuluka kufakitale, ilibe madzi, ilibe gasi, isanakumane ndi a Merv. Werenganinso ndime yanu yonena za thanki ndi vayisi ija, pang'onopang'ono. Ine ndakoka makalavani zaka 30, ndipo sindingadabwe yanuyo itadutsa 1,600. Chigalimoto chija chinkabisa zimenezi. Kakang'ono sikabisa. Chilole cha ngolo zitatu chikadzakudutsani cha ku Cunnamulla, kalavani idzayamba kugwedeza mchira, ndipo kuyambira pamenepo woyendetsa ndi iyoyo, inu mwangokwera. Ine zinandionekerapo. Amuna anga anakuwa kuti, "Usaponde buleki!" Ndinati, "Nanga ndiponde chiyani, inuyo?" Tinaima m'ngalande, mazira ali padenga.

Choyamba, Glenn aikoke ndi chigalimoto chija mupite nayo pasikelo ya malole. Muidzaze ngati mukunyamuka: madzi, gasi, zakudya, zovala. Muyeze yonse, kenako muyezenso kulemera komwe kumatsikira pakampira kokolekera kaja. Kumeneko kuli ndi malire akeake m'buku la galimoto, ndipo kumawerengedwa ngati katundu wa m'galimotomo, pamodzi ndi inuyo, galu ndi firiji. Timagalimoto ting'onoting'ono timagonjera pamenepa, osati pa nambala yomwe wogulitsa amakonda kutchula. Ndipo buku likati 1,500 si kuti muzikoka 1,500. Kalavani yodzaza isapitirire 1,300, msewu ndi wautali ndipo kumatentha.

Tsopano magalimoto anu. Yobiriwirayo mchenga wakuuzani kale komwe inkasewera, ndipo kumeneko madzi ndi amchere. Makaniko aikweze m'mwamba muione kumimba nokha. Mukapeza dzimbiri, kapena utoto wakuda watsopano wopakidwa mothamanga, tsanzikani. Yoyerayo itanitsani buku lake la selevisi, ndipo makaniko aone mafuta a giyabokosi. Akakhala akuda, onunkha ngati mphika wopserera, kangolo ka zinyalala kaja kanali ndi mahatchi awiri m'kati. Akakhala abwino ndipo bukulo lili ndi zidindo zonse, tengani yoyera. Kuyenda kwambiri si matenda, dzimbiri ndiye matenda. Iliyonse imene mugule, aikemo choziziritsira mafuta a giyabokosi ndi kachipangizo koyendetsera mabuleki a kalavani, ndipo muyese nokha kukoka musanasaine.

Mukagula, Lamlungu lililonse mpaka Meyi muzipita pabwalo la zionetsero kukaphunzira kubwerera m'mbuyo. Nambala 14 amalowa chambuyo, paki yonse itakhala pamipando, mowa m'manja, banja la ku Adelaide lili kutsogolo.

Chovuta ndasiyira kumapeto. Inu simukakonza injini ya munthu ku Karumba. Simukakwera boti. Bawuti simunaifunepo chibadwire. Kuti mukafike pansi pa mango aja pa 1 Juni, zitsulo za a Merv ziyenera kutsika, mwina makilo 300. Ndikudziwa chifukwa chake simunazikhudze, ndipo tsiku lozitsitsa musakhale nokha. Koma iwo ankaisamala kalavaniyo kuti iziyenda, osati kuti igone m'ngalande ndi mabawuti awo. Chipewa sichilemera. Chimenecho chipite.

Chenjezo langa ndi ili. Mukatsitsa zonse mubwererenso pasikelo. Ikanenabe nambala yaikulu, fufuzani galimoto yokulirapo kapena kalavani yocheperapo. Mukachita ngozi mutadutsa malire a kulemera, a inshuwalansi akhoza kukutembenukirani nkhongo, ndipo Glenn adzakhala atawina osalankhula n'komwe. Wogulitsa uja munamugonjetsa ndi pakamwa. Sikelo simamva.

Dulani tsamba ili mumpatse Glenn awerenge. Abwere Loweruka ndi ngolo ndi makina odulira zitsulo. Wakhala akufunitsitsa kuchotsa kanthu pabwalo panu. Ayambe ndi vayisi ya bambo ake, ndipo akaiike poti aziigwiritsa ntchito.

Aphungu